Kamzere Kamene Kanagwera Kunja kwa Pepala

Pa kampani ina yonenepetsa ng'ombe ku Bulawayo, ndine ndinkalemba mapulogalamu a kompyuta m'chinenero cha COBOL. Lipoti la Lachisanu linkaonetsa makilo amene ng'ombe za khola lililonse zaonjezera. Zikaonda, nambala inkatuluka ndi kamzere ka mayinasi.

Kamzereko ine ndinkakaika kumbuyo kwa nambala. Anandiphunzitsa choncho. MaMlotshwa, mnzanga wa desiki yoyandikana nane, ankafuna kakhale kutsogolo.

"Baba Nkiwane, kuwerenga timayambira kumanzere. Kapena inu ng'ombe mumaizindikirira kumchira?"

"Kali bwino komweko."

"Malemu akazi anu analidi oleza mtima!"

Ndinapitiriza ntchito yanga.

Mu Ogasiti bwana Gumpo anati ndionjezere danga la mtundu wa chakudya pa lipotilo. Ndinakankhira manambala onse kumanja, osayesa n'komwe.

Mwezi womwewo Siziba, woyang'anira khola la nambala 14, anabwera katatu kudzanena kuti ng'ombe zake sizikudya.

"Mdala, kompyuta ikuti zaonjezera makilo naini," anatero bwana. "Kapena m'maso mwakomo muli sikelo? Tiuze, tigulitse yathuyi."

Anthu anaseka. Inenso ndinamwetulira.

Ng'ombe zisanu ndi ziwiri zinafa. Poti pa lipoti zinkanenepa bwinobwino, bwana anati Siziba wazidyetsa zoipa. Anamuuza kuti Lolemba adzatenge kalata yomuchotsa ntchito.

Lachisanu ndinatenga rula n'kuwerenga malo a pa mzere. Makina athu osindikizira ankalekezera pa 132. Kamzere kanga kanali pa 133, choncho sikankatuluka pa pepala. Ng'ombezo zinkaonda sabata ndi sabata.

Ndinakonza mwakachetechete, n'kusindikizanso. Panalibe amene anaona. Mapepala onse awiri, lakale ndi latsopano, ndinawapinda n'kuwaika m'thumba la jekete. Lamlungu kutchalitchi nyimbo sinatuluke pakamwa panga.

Lolemba ndinapeza Siziba pa benchi ya kukhomo kwa bwana, chipewa chili pa mawondo. Anaimirira kundipatsa moni. Ndikanakonda akanandilavulira.

Ndinalowa n'kuyala mapepala aja pa tebulo.

"Wolakwa ndine."

Bwana anayang'anitsitsa mapepalawo. Zimene ananena zinamveka mpaka kwa alonda a pa geti. Ine ndinangoima. Kalata ya Siziba anaing'amba. Ine anandilembera yanga yochenjeza.

Nditatuluka, ndinamufotokozera Siziba m'mawu ochepa. Anapempha kuti aone. Ndinamulozera kamzereko ndi cholembera pa pepala latsopano lija.

"Kameneka, baba?" Anaika chala chake chokhakhala pamenepo, kamzere konse n'kubisika. "Kakang'ono chonchi?"

"Pepani."

"Ng'ombe ija yamawangamawanga ndinkaimwetsa ndi botolo," anatero. Anavala chipewa, ulendo wa kukhola.

Masana ndinasamutsira kamzereko kutsogolo kwa nambala, m'malipoti onse. MaMlotshwa anaona. Ndinadikira kuti andiseke. Anangondiikira tiyi pa desiki, ndipo tiyiyo anazizirira pomwepo.