Bokosi Lomwe Amaso Saliona

Alamu anga, amuna awo a achemwali, ali ndi chizolowezi choti akafuna kundiuza nkhani yoipa amayamba andikokera mpando. Ine sindiona, zoona, koma mipando ya m'nyumba yomwe ndimagonamo ndimaidziwa pomwe ili. Ndiye m'mawa umenewo nditangomva miyendo ya mpando ikukhwekhwereza pa simenti, ndinadziwiratu kuti kwagwa zina.

"Khalani pansi, alamu," anatero. "Tsamba lanu lija tilitseke basi."

Sindinakhale.

Tsambalo ndi la pa intaneti, ndinaliyambitsa ndine, ndipo timalitcha Bwalo. Ndi pomwe ife osaona timakumana n'kumafunsana zomwe amaso sangatiyankhe: kusita malaya osawawotcha, kudziwa kuti kapu yadzaza osapsa chala, kuyankha munthu amene wakukoka mkono pamsewu usanamupemphe. Alamu amagulitsa matayala, ali ndi tsamba la bizinesi yawo, ndiye Bwalo lathu analipatsa kamalo pa seva yomweyo. Tinali ngati alendo ogona m'khonde.

Vuto linali maboti. Awa ndi timapulogalamu toyenda tokha pa intaneti, tosatopa, tongofunafuna khomo losatseka. Tinapeza Bwalo lathu n'kuyamba kutayapo zinyalala: za juga, za ngongole zaulere, za mankhwala a mphamvu za kuchipinda, mbwee paliponse. Inu amaso zoterezi mumangozidumpha ndi diso. Ife makina amatiwerengera mzere ndi mzere, ndiye taganizani agogo ena akufuna kumva za mankhwala a m'maso koma akumvetsera za mphamvu za kuchipinda mpaka khutu kutentha. Kampani yosunga masamba inali itachenjeza alamu kuti zinyalalazo zikapitirira itseka zonse, ndi la matayala lomwe.

"Si nkhanza ayi," alamu anatero. "Pangani kagulu ka pa foni, muzicheza kumeneko. Zoteteza masamba n'zovuta ngakhale kwa ife amene timaona."

"Ngakhale kwa inu! Koma abale. Ndiye munthu amene maso amuthera dzulo, nambala yanga aitenga kuti? Bwalo amalipeza yekha akafufuza, osagogoda kwa aliyense. Sinditseka. Maboti ndiwathamangitsa ndekha."

Achemwali, ali kukhitchini, anangoti, "Musiyeni ameneyo, anabadwa ndi makani."

Polankhula choncho ndinali ndi munthu m'maganizo. Pa Bwalo timawatcha aDalaivala. Anayendetsa basi moyo wawo wonse mpaka shuga anawalanda maso atakula kale. Atangofika ankalemba zaukali zokhazokha, kuti iwo si a gulu lathu, angodutsa. Tinkawayankha kuti chabwino bambo, dutsani bwino. Kenako tsiku lina anafunsa mmene angametere ndevu osadzicheka, ndipo kuyambira pomwepo m'mawa uliwonse ankalemba kanthu, nthawi zambiri kutiseka kuti tikanakhala apasinjala awo akanatitsitsa tonse chifukwa cha phokoso. Akazi awo anandiimbirapo foni kundiuza kuti bambo panja satulukanso, anzawo akabwera amanamizira tulo, ndipo pakamwa pawo pamatseguka pa Bwalo pokha. Ndiye nditseke chimenecho chifukwa cha otsatsa juga? Ayi ndithu.

Loweruka ndinayala laputopu patebulo lodyera, ndinavala zomvera m'makutu, n'kudzutsa Kalongolola. Ameneyu ndi kamawu ka m'kompyuta kondiwerengera zonse zili pa sikirini. Ndinakachunira kuthamanga, moti alamu akamva amati ndi mbalame zikukangana. Mausi sindigwiritsa ntchito, ndimayenda ndi kiyibodi, batani limodzi kundidumphitsa bokosi ndi bokosi.

Ndinalowa kumbuyo kwa tsamba ndi pasiwedi yanga, ndinapita pa mapulagini, omwe ndi tizipangizo towonjezera pa tsamba, n'kufufuza yoletsa maboti. Ndinamvetsera ndemanga za anthu, ndinasankha imodzi, ndinadina kuti ilowe, ndinadinanso kuti iyambe ntchito. Apo zinali zamasewera. Ntchito inali pochuna.

Choyamba inandifunsa za oyesa mapasiwedi mongoponya. Ndinati akalephera kangapo, atsekeredwe panja. Za otumiza mauthenga mothamanga kuposa dzanja la munthu, ndinati nawonso panja. Kenako Kalongolola anawerenga kuti: yesani mlendo aliyense pomuonetsa zithunzi, asankhe zomwe muli njinga.

Asa! Ndinaseka mpaka achemwali anabwera kudzafunsa ngati ndili bwinobwino. Zithunzi zimenezo ndi adani athu akalekale, zatitsekera kunja kwa masamba osawerengeka. Ndinachizimitsa ndi chala chaukali.

Chomaliza chinali msampha. Pulagini inafotokoza kuti imaika kabokosi kobisika pomwe anthu amalemba mauthenga. Munthu sakaona, ndiye amakasiya kopanda kanthu. Boti ilibe maso, imawerenga za m'kati mwa tsamba n'kudzaza bokosi lililonse, ndipo ikangolembamo yagwidwa. Ndinati eya, nzeru ndi zimenezi, palibe kuvutitsa munthu ndi zithunzi. Ndinauyatsa. Ndinayesa kutumiza uthenga, unadutsa bwinobwino. Zoti pulagini siyesa mwini tsamba, Kalongolola sanandiuze, chifukwa sizinalembedwe paliponse.

Zinyalala zinatheratu. Alamu anayang'ana n'kunena kuti, "Aaa, koma alamu mwayesetsa," ndi mawu a munthu woyamikira mwana amene wamanga yekha zingwe za nsapato. Ndinawasiya, ndinali wokondwa.

Koma Bwalo linangoti zii. Tsiku loyamba ndinati anthu ali ku mapemphero. Lotsatira ndinati mwina netiweki. Walira mvula walira matope: maboti anachoka, anthu anachokanso.

Ine ndimagwira ntchito yolandira mafoni pa ofesi ina, m'kachipinda kokhala ndi fani yolira ngati ikudandaula. Pa nthawi yopuma masana foni yanga ya m'manja inalira. Anali akazi awo a aDalaivala.

"Mayi, mwawachotsa bambo pa Bwalo? Analakwa chiyani?"

"Ine? Sindinachotse munthu."

"Analemba uthenga wawo monga mwa masiku onse. Atatumiza, foni inawawerengera m'Chingerezi kuti makina apeza kuti iwo si munthu. Anayesanso, chimodzimodzi. Kenako inati atsekeredwa. Anangoika foni pansi n'kunena kuti, 'Ngakhale makina adziwa.' Kuyambira pamenepo foni saigwira, wailesi satsegula, ndevu sameta. Ine ndikuopa, mayi."

Mtima unandipweteka, kenako unapsa. Munthu amene tinamukoka m'dzenje pang'onopang'ono, kachipangizo kopanda mayi kamuuze kuti si munthu, pa tsamba langa, pakhomo lomwe ndinamanga ine!

Nditaweruka sindinavule ndi nsapato zomwe. Ndinatuluka mu akaunti yanga n'kubwera pa Bwalo ngati mlendo, ndinachepetsa liwiro la Kalongolola, n'kuyamba kuyenda bokosi ndi bokosi. Dzina. Uthenga. Kenako, batani lotumizira lisanafike, Kalongolola anati: adiresi yanu, bokosi lopanda kanthu.

Ndi umenewo msampha. Anaubisa ku maso okha. Kalongolola amawerenga za m'kati mwa tsamba, monga momwe boti imachitira, ndiye kwa ife bokosilo linali poyera ngati ena onse. Ndipo ife tili ndi lamulo lomwe timaphunzitsa aliyense wofika kumene: bokosi lililonse lomwe makina akuwerengera, lidzaze. Tinaphunzira movutikira, chifukwa ukasiya limodzi tsamba limakukana n'kulifiiritsa, iwe osadziwa kuti lofiiralo ndi liti. Anthu anga anatsatira lamulo lawo mokhulupirika, ndipo onse anagwa m'mbuna.

Alamu anali ataima kumbuyo kwanga, ndinawamva ndi fungo la matayala. Nditawafotokozera anapumira m'mwamba.

"Mwaonatu. Mukazimitsa msampha, maboti abwerera. Mukausiya, anthu anu salowa. Zinthuzi sanapangire inu, alamu. Ndinanena ine."

"Zoti sanapangire ife ndikudziwa kuposa inu. Misewu anapangira ife? Masitepe a ku ofesi kwanga anapangira ife? Nanga sindipita kuntchito?"

"Sindikukangana nanu ayi."

"Ndiye sunthani, mukunditsekera mpweya."

Ndinabwerera mu zochuna za pulagini, ulendo uno osathamanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha, amatero, ngakhale ine nkhonoyo ndimachita kuipapasa. Ndinatsegula gawo lililonse, ndi a pansi omwe amati ndi a akatswiri. M'kati mwa gawo la msampha ndinapeza zomwe ndinkafuna: dzina la bokosi lobisika likhoza kusinthidwa. Ndinafufuta "adiresi yanu" ija. Boti siimvetsera, imangodzaza. Munthu amamvetsera. Ndinalembapo mawu anga, m'chiyankhulo chathu.

Kenako ndinamasula onse amene anatsekeredwa chiyambire Loweruka, maboti ndi anthu omwe, ndikudziwa kuti maboti abwerera okha m'mbuna. Ndinapezanso uthenga wachipongwe uja. Ndinaufufuta n'kulemba kuti: Pepani, uthenga wanu wakodwa penapake. Vuto ndi la tsambali, si lanu. Imbani nambala iyi.

Sipanatenge nthawi, pulagini inayamba kunena kuti yagwira boti, yagwiranso ina. Ndinatembenuzira laputopu kwa alamu.

"Taonani ngati pali zinyalala."

"Palibe. Koma zomwe mwalembazo zili pati? Sindikuona kanthu."

"Si zanu."

Ndinaimbira anthu a pa Bwalo mmodzimmodzi, ndipo mauthenga anayambanso kubwera, ambiri ondinyoza mwachikondi. Koma aDalaivala foni sanayankhe. M'mawa mwake ndinapempha tchuthi, ndinatenga ndodo yanga, akazi awo anandilondolera njira pafoni, ndinakwera basi.

Nyumba yawo ndinaidziwa ndi geti lolira ndi galu wokalamba amene anangouwa kamodzi n'kutopa. M'chipinda chochezera mawindo anali otseka, mpweya wolemera. Mayi anandikhazika pa mpando, uwu ndinalola chifukwa ndinali mlendo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Mwavutikiranji kubwera," anayankha kuchokera pakona, mawu osasa. "Ine zanu zija ndasiya."

"Mwasiya chifukwa kachipangizo kakutukwanani? Inu amene munkatsitsa zidakwa m'basi ndi dzanja limodzi, monga mumatiuzira tsiku ndi tsiku? Kapena zinali zabodza?"

"Mayi inu, musandiyambe dala."

"Ndakuyambani kale. Kanatukwana tonse, ndi agogo aja a mankhwala a m'maso omwe. Sikanakuyezeni inu, bambo, ndi msampha wa maboti womwe unatcheredwa molakwika. Ndaukonza. Tengani foni."

"Sinditenga."

"Ndiye ine sindichoka. Mayi, ikani madzi pamoto, mlendo wanu ndi wokhalitsa."

Panapita kanthawi tili chete, galu akupuma pakhomo. Kenako ndinamva dzanja likupapasa patebulo, likugunda kapu, n'kupeza foni. Mayi anasendera pafupi kuti awathandize monga anazolowera, kuwayang'anira pa sikirini.

Kamawu ka m'foni mwawo kanayamba. Dzina. Analemba. Uthenga. Anangolemba chilembo chimodzi, mwamakani, n'kudumpha. Ndiye kamawu kaja kanafika pa bokosi langa. Chiyankhulo chathu kamachiwerenga ngati kali ndi mbatata yotentha m'kamwa, koma mawu anamveka onse:

"Ngati mukumva mawu awa, ndinu munthu, ndipo ndinu wathu. Amaso sakuliona bokosili. Musalembemo kanthu, ndi la akuba. Dumphani, lowani, takusowani."

Palibe anayankhula. Ndinamva chala chikukhudzanso foni, ndipo kamawu kanabwereza kuyambira poyamba. Anakabwerezetsanso.

"Kodi ikuwerenga pati?" anafunsa mayi. "Ine ndikuona dzina, uthenga, ndi potumizira basi. Palibe chalembedwa apa."

"Chilipo," anatero aDalaivala.

"Palibe, bambo, ndikuyang'anatu."

"Ndati chilipo." Mawu awo anali akunjenjemera, koma munali kaukali kaja komwe tinakasowa pa Bwalo. Misozi inandilengeza, ndipo sindinachite nayo manyazi.

Chiwathereni maso, ndi mayi amene ankawauza zomwe zili patsogolo pawo: apa pali sitepe, apa palembedwa zakuti, uyu wabwera ndi uje. Ndinamva mpando ukulira pamene bambo ankasunthira kumbali kuwapatsa malo.

"Khala apa, mkazi wanga," anatero. "Iwe sungazione izi. Dikira ndikuwerengere."