Madzi Osamba a Mayi Consolata

Eddie anali ataima kale kanthawi pa benchi ya nyemba, makiyi a galimoto ali m'manja, koma mayi Immaculata anapitiriza kupeta ngati patsogolo pawo panalibe munthu. Zinyalala za m'lichero zinkagwera pa nsapato zake zopukuta bwinozo. Iye sanasunthe.

"Amake Mayankho," anayambanso.

"Dzina limenelo lisatuluke m'kamwa mwa munthu wa kwanu. Nenani chimene mwadzera, ndili ndi makasitomala."

Makasitomala panalibe. Unali m'mawa wa mwezi wa Juni, mumsika wa ku Old Town mukuwomba kamphepo kolowa m'mafupa, ndipo ogula anali asanayambe kubwera. Eddie anafotokoza motsitsa mawu. Mayi ake, mayi Consolata, anagwa ndi sitiroko. Kuchipatala anawatulutsa mbali yonse ya kumanja itafa. Mtsikana wantchito anathawa atangoona matewera a munthu wamkulu. Mkazi wake Lisa amagwira ntchito ku City Centre, ndipo ananeneratu kuti za apongozi iye sangazithe. Amayi a chigwirizano cha kutchalitchi anabwera, anayimba, anamwa tiyi n'kumapita. Tsono panali patapita masiku wodwalayo asanakhudze madzi.

"Ine ndine mwana wamwamuna, mayi. Sindingawavule amayi anga. Aliyense amene ndamufunsa akutchula inu."

Anthuwo sananame. Mumpingo monse ankadziwa kuti wodwala amene abale ake akunyansidwa naye amasambitsidwa ndi mayi Immaculata. Sukulu sanapite nayo patali, Baibulo ankawerenga mokoka, nyimbo akayambitsa anzawo ankatsinana. Iwo ankati Mulungu pogawa ntchito ena anawapatsa pakamwa, iwo anawapatsa beseni. Ku Mchesi, ku Kawale, ku Chinsapo, anasambitsako anthu a zilonda zonunkha kwa zaka zambiri, osalandira kanthu, osafunsa kuti wodwalayo ndi wa mpingo uti.

Koma uyu anali Consolata.

Mayankho, mwana wamkazi yekhayo wa mayi Immaculata, anatenga mimba asanakwatiwe, mpingo n'kumudula. Anamwalira pobereka, khanda lomwe. Nthawi imeneyo mayi Consolata anali wapampando wa amayi. Anafika pa siwa pa galimoto, naimirira pakati pa anthu n'kunena kuti yunifolomu isavalidwe, nyimbo za chigwirizano zisayimbidwe, chifukwa mtsikanayo wafa ali wodulidwa. Amayi amene anali atavala kale malaya oyera anakavula kuseri kwa nyumba. Bokosi linapita kumanda chete, ngati anthu aba katundu. Mayi Immaculata sanakangane ndi munthu tsiku limenelo. Anangoyang'ana, nasunga.

"Mayi anu akudziwa kuti mwabwera kuno?" anafunsa mayi Immaculata.

Eddie anati akudziwa, ndipo mayi akewo anakana ndi mutu, koma iye analibe kwina kolowera.

"Anakana?" Mayi Immaculata anaika lichero pansi. "Ndiye ndibwera. Masana. Galimoto yanuyo sindikwera, ndinganunkhitsemo nyemba."

Eddie atachoka, Chawanangwa, mnzawo wogulitsa mpunga pa benchi yoyandikana, anaseka mpaka kutsokomola. Anati akanakhala iye akanatuma uthenga woti wapampando adzisambitse ndi malamulo ake aja. Kenako anasintha, nati ayi, pitani ndithu, zoterezi munthu amafunika kukaziona ndi maso.

"Ndikupita kukaona kumene," anatero mayi Immaculata. "Ndadikira nthawi yaitali."

Chifundo panalibe, tisanamizane. M'chikwama anaikamo chinkhupule, sopo ndi chitenje monga mwa masiku onse, koma mu minibasi yonse ya ku City Centre ankangokonza mawu. Atatsika anayenda wapansi kulowa mu Area 10, mipanda yaitali mbali zonse, agalu akuuwa anthu osawaona. Mlonda anatsegula geti atawayang'ana kuyambira kumapazi. Eddie anawalozera chitseko cha kuchipinda, nati ketulo ili kukhitchini chifukwa madzi otentha a m'bafa anawonongeka. Kenako anathawira panja.

Fungo linawalandira pakhomo. Pabedi lalikulu panali kamunthu kochepa, tsitsi lopotana ngati la wamisala, pakamwa patakhotera mbali imodzi, dovu likutsikira pa pilo. Pa chitseko cha wadiropu panapachikidwa yunifolomu ya chigwirizano, yoyera mbee, yositidwa, ili m'pepala la pulasitiki.

"Amayi a pampando," anatero mayi Immaculata, ataima manja m'chiuno. "Mwaswera bwanji? Kodi gulu lanu lija lili kuti? Ndimayesa ndipeza nyumba yadzaza malaya oyera."

Diso limodzi la wodwalayo linawayang'ana, kenako linathawira kukhoma.

Mayi Immaculata anatenga beseni kupita kubafa. Anatsegula mpopi. Madzi a Juni a m'thanki ya padenga, ozizira mpaka zala kuwawa. Anadzaza beseni. Kukhitchini sanapiteko.

Anabwera nalo n'kuliika pampando pafupi ndi bedi, dala, kuti wodwalayo aone kuti sipakutuluka nthunzi. Anafundukula bulangete, anavula mayiyo diresi lonyowa, anachotsa thewera. Uku akuchita zimenezi pakamwa sipanapume. Anawakumbutsa za siwa ija, za galimoto imene anabwera nayo, za amayi amene anakavula kuseri kwa nyumba. Anati Mayankho ankayimba kwaya kuyambira ali kamwana, anayimbira maliro a anthu osawerengeka, ake omwe anapita opanda ndi nyimbo imodzi yomwe. Anati mwamuna amene anapereka mimbayo mpaka lero amakhala kutsogolo m'tchalitchi, tayi pakhosi.

"Tsono lero mundiuze. Munapindulanji?"

Milomo ya mayi Consolata inavutika kanthawi. Mawu anatuluka olemera, okoka.

"Lamulo... linali lamulo."

Mayi Immaculata ankayembekeza misozi, kapena dzanja lopempha. Munthu wagona m'mikodzo yake koma mtima ukadali pampando.

Anaviika chinkhupule m'madzi aja, osafinya, nachiika paphewa la kumanzere, mbali imene inali ndi moyo. Thupi lonse la wodwalayo linadzidzimuka. Anakoka mpweya, khungu linachita tsembwe, dzanja lamoyolo linagwira nsalu ya pabedi. Madzi anatsetsereka kulowa m'khwapa mpaka m'nthiti.

Zinawakomera mayi Immaculata. Zinawakomera kwambiri, kuposa mmene ankaganizira mu minibasi muja. Anaviikanso.

Dzanja lili m'beseni anakumbukira kuti sanapemphere. Chiyambire ntchitoyi sanakhudzepo wodwala asananene mawu awo aafupi aja, akuti Ambuye Yesu, manja ndi anga, ntchito ndi yanu. Anatsegula pakamwa kuti anene msangamsanga apitirize. Mawuwo anakana. Angawanene bwanji pa madzi awa? Akanatha kungowasiya, n'kusambitsa mayiyu ndi madzi oziziritsa mano kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo palibe akanadziwa. Wodwala wovutika kuyankhula akanakanena kwa yani? Koma mawa lake kunali kupita ku Chinsapo, kwa nkhalamba ina ya khansa imene inkawadikira ngati mvula. Akanakafika kumeneko ndi manja omwewa, n'kunena mawu omwe aja ngati palibe chachitika.

Anayang'ana wodwalayo, amene tsopano ankanjenjemera, mano akugundana.

"Inu ndinu mfiti ndithu," anatero pang'onopang'ono. "Maliro a mwana wanga munandilanda. Lero mwagona chagada, mukufuna mundilandenso ndi ichi chomwe. Beseni ili simunandipatse ndinu."

Anaponya chinkhupule m'madzi, anafunditsa mayiyo bulangete mpaka m'khosi, natuluka ndi beseni. Kukhitchini anatereka ketulo, kuthira, kuterekanso. Ankamenyetsa zitseko za makabati pofuna mchere wotsukira zilonda, mpaka Eddie anasuzumira pazenera. Anamukalipira kuti asangoima ngati mtengo, akatenge nsalu zoyera za pabedi aziike pakhomo.

Atabwerera anayesa madzi ndi chigongono. Anaima, anatseka maso, nanena pemphero lawo lija. Linatuluka louma, ngati munthu akutchula mtengo wa nyemba, koma linatuluka.

Anayamba ndi nkhope. Anapukuta dovu louma m'mbali mwa kamwa, anatsuka kuseri kwa makutu, m'khosi, pansi pa mabere pamene khungu linali litayamba kusupuka. Anatembenuza mayiyo ndi mphamvu za munthu wozolowera matumba. Pamsana m'munsi panali chilonda chachikulu ngati chikhatho. Anachitsuka ndi madzi amchere mosamala, wodwalayo akubuula, iwo akuti pirirani, si ine ndinakugonekani mbali imodzi. Dzanja lakufa lija linali litafumbata. Anatambasula zala chimodzichimodzi, natsuka m'kati mmene munali kununkha. Anadzoza mafuta thupi lonse, anasintha nsalu za pabedi, anapesa tsitsi n'kuliluka mizere ikuluikulu. Mwankhanza sanagwire pena paliponse. Mokoma mtima sanayankhulenso ngakhale kamodzi.

Atamaliza, mayi Consolata anali atagona mwakachetechete, kunjenjemera kutatha. Diso lija linali pa mayi Immaculata. Milomo inayambanso kuvutika.

"Iwe... Imma..."

"Musavutike. Kaya mukufuna kuthokoza, kaya kupepesa, kaya kundiuzanso za lamulo, sungani. Sindinakukhululukireni. Mwina chaka chamawa, mwina ndidzafa nazo, zimenezo ndikambirana ndi Mwini wake. Ndakusambitsani chifukwa ndi ntchito yanga."

Anachapa chinkhupule chawo, anakhuthula beseni, namanga chitenje bwinobwino.

Eddie anali pakhonde. Anayamba mawu ambiri othokoza, koma anamudula. Anamuuza kuti mayi ake azitembenuzidwa pafupipafupi, usana ndi usiku, ndipo zimenezo mwana wamwamuna akhoza kuchita bulangete lili pathupi, asanamizire mwambo. Anati mkazi wakeyo auzidwe kuti kumwetsa munthu phala sikuthyola zikhadabo. Anati zenera la kuchipinda lizitsegulidwa.

Eddie anavomera zonse ndi mutu. Kenako anafunsa mwamantha ngati adzabwerenso.

Mayi Immaculata anayang'ana kugeti. Dzuwa linali litapendeka, ndipo nyemba zawo zinali m'manja mwa Chawanangwa, munthu wopimira anthu mowolowa manja pa katundu wa eni. Kukana kunali pafupi kwambiri.

"Lachisanu," anatero. "Koma mumve bwino, bambo. Ndikamafika, madzi ndiwapeze ali otentha kale, ali m'beseni, m'chipindamo. Muwatenthetse nokha."

Eddie anati zimenezo n'zosavuta, koma ketulo ili pomwepo, iwo akhoza kumadzitenthetsera mmene akufunira.

"Ndati muwatenthetse nokha. Za madzi musandisiyire ine."

Anatsika masitepe, chikwama m'khwapa, nauza mlonda kuti atsegule msanga.