Kapu Yodzadza ya a Tursunov

"Ndiye mukuti ndakatulo zanga zichoke?" anafunsa a Tursunov, akusisita ndevu zawo za imvi.

Aphunzitsi a Chingerezi pa yunivesite yathu ku Namangan anali atazungulira tebulo, akulembanso zimene wophunzira ayenera kutha kuchita pomaliza maphunziro. Gulchehra, mkulu wa gawo la Chingerezi, ndiye ankatsogolera, koma mtima wake unali m'malere. Phunziro loloweza ndakatulo linali lokhalo limene a Tursunov anatsala nalo. Likachoka, nawonso akakhala kunyumba. Ndipo ndi iwowa amene anamuphunzitsa Gulchehra, ali kamtsikana kochokera kuminda ya thonje.

"Sitikuchotsa munthu, aphunzitsi," anatero Bahrom, mphunzitsi wachinyamata wosasunga mawu m'kamwa. "Koma ana athuwa amalakatula osapuma, mlendo akawafunsa njira ya kumsika amangoti kukamwa yasa. Tilembe chiyani? Kuti adzatha kulira m'Chingerezi?"

"Ingonenani kuti tsobola wakale sawawa," anayankha a Tursunov.

Gulchehra ananyamula ketulo kuti aziziritse nkhani. Kwathu kuno munthu wolemekezeka umamuthirira tiyi pang'ono, kuti uzimuthiriranso. Kapu yodzadza imatanthauza kuti imwani muzipita. Tsono maso ake anali pa Bahrom, kumudzudzula, ndipo pamene ankayang'ana pansi, kapu ya a Tursunov inali itadzadza mpaka m'milomo.

Onse anayang'ana kapuyo. Nkhalambayo inamwa tiyi yense, wotentha choncho, n'kuimirira.

"Ndamva, mwana wanga."

Gulchehra anachita manyazi osaneneka. Anawatsatira, n'kuwapeza pakhomo akuvala chikhoti.

"Aphunzitsi, dzanja ndi limene lalakwa."

"Dzanja limanena zimene pakamwa pakuopa."

Gulchehra akanatha kungopepesa mpaka madzulo, koma anaona kuti kutero n'kuwanamiza.

"Mwina n'zoona," anatero motsitsa mawu. "Anawa sakulankhula, ndipo Bahrom sakunama. Koma ine ndinatsegula pakamwa m'kalasi mwanu. Ndikamaliza kulakatula munkandifunsa kuti, 'Nanga iwe ukuti bwanji?' Ndinkatuluka thukuta, koma ndinkayankha. Munasiya liti kufunsa?"

A Tursunov anaima, dzanja limodzi lili m'chikhoti.

"Anachuluka anawa," anatero pamapeto pake. "Woloweza sachedwa kumupatsa malikisi. Ndinatopa, Gulchehra."

Mawu amenewo anamumvetsa chisoni Gulchehra. Anangowagwirira chikhoticho mpaka anachivula.

Atabwerera, onse anaimirira. A Tursunov anakhala pampando wawo n'kuloza Bahrom.

"Iwe wapakamwa, lemba. Zoloweza zichoke. Wophunzira adzatha kunena maganizo ake pa ndakatulo m'Chingerezi, ndi kutsutsa mphunzitsi wake mopereka zifukwa."

"Kutsutsa inuyo, aphunzitsi? Angayerekeze ndani?"

"Wayamba kale uyu," anatero akuloza Gulchehra ndi chibwano. "Ndipo ana ukuwanenawo tigawana. Theka ndi lako, uone mmene thukuta limatulukira."

Bahrom analemba, kumwetulira kutamuthera. Ena anayamba kukangana za mmene kutsutsako adzakuyesere pamayeso, ndipo phokoso linabwerera m'chipindamo.

A Tursunov anakankhira kapu yawo kwa Gulchehra osamuyang'ana. Iye anagwira ketulo ndi manja awiri, n'kuthira tiyi wongokwanira kuphimba pansi pa kapuyo.