Tsiku Limene Peggy Anakwera Nsanja

Mphezi itagwera nsanja ya netiweki ku Chiwalo, mafoni onse anangoti zii kwa masiku asanu ndi anayi. Namwino wa pachipatala cha m'deralo, a Belita, ankachita kutuma munthu pa njinga kuti akaitane ambulansi. Mphunzitsi wamkulu ankapita mpaka ku Migowi kukatumiza malipoti ku boma. Ogula mbuzi nawonso analeka kubwera, poti panalibe wowauza kuti mbuzi zilipo.

A Saulos, mlimi wa chimanga, anali ndi mwana wamkazi dzina lake Peggy, amene ankagwira ntchito yokonza nsanja pa kampani ina ya mafoni ku Blantyre. Iwo ntchitoyi sankaikonda. Ankafuna kuti mwanayo akhale mphunzitsi.

Tsiku lakhumi m'mawa, a Saulos akupalira, anamva kuti galimoto ya okonza nsanja yalephera kuwoloka mtsinje umene unasefukira. Anasiya khasu n'kupita kukaona. Anakumana ndi Peggy panjira, atanyowa mpaka m'chiuno, chikwama cha zipangizo chili pamutu. Mnzake wa kuntchito, a Tobias, ankabwera m'mbuyo atasenza bokosi.

"Bambo, mwadzuka bwanji? Ndikupezani kunyumba ndikamaliza," anatero Peggy.

"Akwere ndani pamwambapo?"

"Ineyo. A Tobias akhala pansi ndi mabatire."

Pomwe ankafika pansanja n'kuti anthu atadzaza kale. Peggy anavala chipewa cholimba, n'kudzimanga malamba, n'kuyamba kukwera. Akakwera pang'ono ankakola ngowe pachitsulo, kenako n'kupitiriza. Azibambo ena anayamba kung'ung'udza kuti kampani yawapeputsa powatumizira mkazi. A Saulos anawamva. Anangokhala pamwala, maso ali kumwamba.

Peggy anakhala pamwambapo maola atatu, akuchotsa mawaya opserera n'kumalumikiza atsopano. Mphepo yochokera kuphiri la Michesi ikawomba, nsanja inkaoneka ngati ikugwedera, iye osaleka. Dzuwa litafika pamutu, anakuwira mnzake kuti ayatse.

Panadutsa kanthawi. Kenaka foni ya mayi wina inalira m'chitenje, ina n'kutsatira, mpaka ponseponse panali phokoso. A Belita sanachedwe. Anaimba pompo kuitanitsa ambulansi, chifukwa kuchipatala kunali mayi woyembekezera amene sankapeza bwino, ndipo anagwirizana zokakumana nayo pamtsinje.

Mmodzi wa azibambo ong'ung'udza aja anafunsa kuti mtsikanayo ngwakuti.

"Ndi wanga," anatero a Saulos akuimirira. "Wachitatu kubadwa. Sukulu anayambira pompano."

Peggy atatsika, bambo ake anamugwira manja n'kuwayang'ana. Anali ndi zikanga kuposa awo. Anapita naye kunyumba kukadya mondokwa wootcha, koma sanakhalitse, chifukwa nsanja ina cha ku Fort Lister inkamudikira.

A Saulos anamangirira chikwama chake panjinga n'kumuperekeza kumtsinje. Aliyense amene anakumana naye ankamuimitsa kuti apatsane moni ndi Peggy, ngakhale amene ankamudziwa kale.

"Kodi pamwamba paja umaona chiyani?" anafunsa atatsala pang'ono kufika.

"Zonse. Migowi, msewu, tchalitchi. Ndaonanso munda wanu. Chakumunsi kuja simunapalire."

A Saulos anaseka mpaka anaima kaye. Kenaka anapinda buluku, n'kusenza chikwamacho, n'kutsogola kulowa m'madzi.