Kadontho Kuseri kwa Khutu la Darcy

"Taima kaye, usadzuke," anatero Rhonda, atagwira khutu la mlongo wake ngati akufuna kulithothola.

Darcy anali atawerama pakhonde, akumanga zingwe za jombo kuti azipita kumunda wa nzimbe. Bambo awo, a Mervyn, anali atawaika m'manda dzana, ndipo maluwa amene anthu anabweretsa anali asanafote n'komwe. Kuseri kwa khutulo kunali kadontho kakuda, kokhotakhota m'mbali, mbali ina kofiirira.

"Kayamba liti aka?"

"Ndi matope, achemwali. Ife kuno timagwira dothi, si kwanu ku Brisbane kuja."

Rhonda ananyowetsa chala ndi malovu n'kupukuta. Matopewo anakana kuchoka.

Banja limeneli ndi la anthu a khungu loyera, oti dzuwa la kuno ku Ingham likangowasuzumira, basi asanduka nkhanu zophika. Malemuwo adokotala anawachotsa timadontho tambirimbiri, pamphumi, pamikono, mpaka padazi. Iwo ankaseka n'kumati tina ndi alendo chabe, tina tikuganiza zoipa koma sitinayambe, tina ndiye zigawenga. Chigawenga chawo chinawamera pamsana, ndipo pomwe ankapita nacho kuchipatala n'kuti khansa itafika kale m'mapapo.

"Mawa tipite kuchipatala ku Townsville akakaone," anatero Rhonda.

"Sabata ino ndi yathu yopereka nzimbe kufakitale. Tikaphonya, mvula itipeza zili m'munda. Ndipita tikamaliza kudula."

"Mawu amenewo ndi amene tawakwirira dzana."

Darcy anadzuka, khosi litafiira. "Inu mumangotulukira pa Khirisimasi n'kuyamba kuloza anthu zala. Bambo ali gone, ankawatembenuza pabedi ndani? Munda ankauyang'anira ndani?"

Apo mnyamatayo sananame, ndipo anapitiriza.

"Ndiye ndikapita, mudula ndinu? Ndi zikhadabo zopaka utotozo?"

"Ndidula. Ungondisonyeza pomwe pali buleki pa makina odulirawo."

Uyutu ndi mkazi woti akamabweza galimoto kumbuyo, agalu a pamudzi ponse amathawira pansi pa nyumba. Likanakhala tsiku lina akanaseka onse awiri. Koma Darcy anangogwira kuseri kwa khutu lake, n'kubweza dzanjalo msanga ngati wakhudza mbaula.

"Mwina ndi mlendo chabe," anatero chapansipansi.

"Mwina. Nanga iwe ukuona bwanji kuseri kwa khutu lako?"

Mayi awo, a Glenys, anali ataima pakhomo nthawi yonseyi ndi kapu ya tiyi wozizira. Chibwerereni kumanda sankayankhula, kupatula kufunsa ngati anthu adya. Anaika kapuyo pawindo, anamasula mabatani awiri a bulauzi n'kuitsitsa paphewa. Panali chipsera chachitali, choyera.

"Cha waya wa mpanda chija," anatero Darcy.

"Waya unali wokuuzani inu, poti munali ana. Bwera nalo dzanjalo."

Anagwira dzanja la mwana wawo n'kuliika pachipserapo.

"Bambo ako anaona kadontho apa ndikuchapa, pakatikati pa nyengo yodula. Kanali kochepa kuposa kakoko. Sanandifunse maganizo. Anapita kukazimitsa makina, anauza anyamata kuti azipita kwawo, n'kundikweza m'galimoto ndili ndi thovu m'manja. Chaka chimenecho theka la nzimbe linawolera m'munda, ndipo mpaka kufa kwawo sanazitchulepo." Anapumira kaye. "Kawo kokha ndi kamene ankati kadikire."

Kutali kunkamveka makina a kwa oyandikana nawo, atayamba kale kudula. Darcy anamvetsera kwa kanthawi, dzanja lili paphewa pomwepo.

"Imbani foni kuchipatalako, achemwali," anatero.

Kenako anagwada pamaso pa mayi ake, anapendeketsa mutu, n'kupinda khutu lake yekha kuti aone bwino.