Mzere wa Pakhomo Lotseka

Mayi Bernadette Sakala a ku Kabwata mu Lusaka anali ndi pakamwa pothamanga kuposa mutu. Tsiku limene mwana wawo woyamba, Imelda, anachotsedwa sukulu chifukwa cha mimba, anamuponyera sutikesi panja n'kulumbira pamaso pa amayi anzawo a kutchalitchi kuti, "Ameneyu sadzapondanso pakhomo pano pokhapokha Mulungu mwini wake andiuze!" Analetsanso anthu kuwaitana kuti Amake Imelda. Ati kuyambira tsiku limenelo iwo ndi Misisi Sakala, wosafuna asiye.

Imelda anakakhala ku Chunga kwa azakhali ake, a Josephine. Mimba inakula, nyumba ya azakhaliwo n'kuchepa. Kenako uthenga unafika ku Kabwata woti Loweruka mtsikanayo akwezedwa basi ya ku Katete, akachirire kumudzi, ndipo aliyense ankadziwa kuti akapita ndiye wapita. Mayi Sakala mtima unawawa zedi. Mwana wawo ankamufuna, tisanamizane, ankamufuna koopsa. Koma lumbiro lija linamveka Kabwata yense. Kubweza mawu Mulungu asanalankhule, akanadutsa bwanji pamsika?

Anakadandaula kwa wansembe. Iye anati Mulungu sakuwa, amanong'ona, choncho munthu apeze pamalo pa zii, atseke pakamwa, amvetsere. Kunena n'kosavuta! Wansembeyo ankagona kuseri kwa mpanda wa maluwa. Akanabwera adzayese ku Kabwata.

Kunyumba, amuna awo a Mathias wailesi sankaizimitsa. Ikatha nkhani, mpira. Ukatha mpira, mauthenga a maliro, ndipo a Mathias ankadziwa wakufa aliyense. Kuseri kwa khoma, aneba awo a Kunda anali ndi chimbale chimodzi chokha cha rumba, chokandika, chobwereza pamodzimodzi mpaka wina amenye tebulo. Kutchalitchi anapeza kwaya ikuyesa ng'oma zatsopano. Atadzitsekera m'bafa, madzi amene anasowa sabata yonse anasankha nthawi yomweyo kubwera, mpopi ukutsokomola ngati nkhalamba ya fodya.

Lachisanu m'mawa, mayi Sakala anatenga basiketi kuti a Mathias asafunse zambiri, n'kulowera m'tauni. Kuseri kwa msewu wa Cairo anapeza kanjira kopanda anthu, ndi sitolo yotseka ya chitseko chachitsulo, pali kamthunzi kabwino. Anaima moyang'ana chitsekocho, anatsinzina, nati mumtima, "Lankhulani Ambuye, mawa basi inyamuka."

Inu ana a masiku ano simungadziwe. Zaka zimenezo mu Lusaka shuga ankasowa, sopo ankasowa, mafuta ophikira aja timati saladi ndiye ankangomveka m'maloto. Ukaona mayi waima pakhomo la sitolo basiketi ili m'manja, unkayamba waima kumbuyo kwake, zofunsa pambuyo.

Woyamba anali mesenjala wa muofesi, makalata a boma ali m'khwapa. Kenako amayi awiri a ku Makeni. Kenako dona wina wa ku Kabulonga anatsika m'galimoto, kudzikoka ngati sakufuna, n'kuima nawo. Posakhalitsa mzere unakhota pakona.

"Amai, chabwela n'chani?" anafunsa mesenjala uja chapansipansi.

Mayi Sakala anamva ndithu, koma wansembe anati pakamwa patsekedwe. Anangofinya maso.

"Sayankha," mesenjala anauza a kumbuyo.

"Ndiye kuti ni saladi," anatero mmodzi wa amayi a ku Makeni. "Odziwa sakamba."

Mawuwo anayenda ndi mzere. Pofika pakona anali saladi wa m'zigubu zazikulu. Pofika kumapeto anali saladi, shuga ndi batala, ndipo mayi wakutsogoloyo anali mlamu wake wa manijala. Paja amati safunsa anadya phula, koma tsiku limenelo ofunsa ndi osafunsa anadyera limodzi.

Kunatulukira mnyamata wa chipani, Hector, kabereti kali pambali, ndodo m'manja. Palibe anamuitana, koma mzere wopanda iye unali ngati maliro opanda mfumu. "Mmodzi mmodzi! Chigubu chimodzi munthu aliyense!" ankakuwa choncho, chonsecho chigubucho sanachione.

Apa mayi Sakala anatsegula diso limodzi, n'kucheuka pang'ono. Mayo! Anthu ngati kumsonkhano. Akanena zoona, anthu awa awadya osaphika. Akachoka, akhala atathawa Mulungu asanayankhe. Anatsinzinanso mwamphamvu. "Ambuye, ndinapempha zii, Inu mwanditumizira Lusaka yense. Ndikumvani bwanji m'chiphokoso chotere?"

Kumwamba kunali duu. Pansi pano ndiye ayi. Wogulitsa chinangwa chowotcha anafika, wina anaponda phazi la dona uja, khanda linalirira kumapeto.

Kenako chapakati pa mzere panabuka mkangano. Mtsikana wina wodwala pakati, dzuwa litamukwana, anachoka pamalo pake n'kukakhala pansi mumthunzi wa khoma, pafupi ndi kutsogolo. Anthu anati akufuna kulowerera. Hector anathamangirako.

"Iwe, bwelela kumbuyo! Mimba si khadi ya chipani!"

"Nimvela chizungulile, ba Hector," mtsikanayo anayankha motsitsa.

Mayi Sakala sanafunikire kutsegula maso. Mawu amenewo anawalera okha. Anali Imelda, amene azakhali ake anamutuma m'tauni kukasaka sopo wa paulendo, naye n'kuona mzere. Koma mayiwo anaumirira kuyang'ana chitseko. "Ambuye, fulumirani. Liwu limodzi lokha."

Amene analankhula anali mayi wa ku Makeni uja, wonenepa, chinangwa chili m'kamwa, mawu ake ngati beseni logwa pasimenti.

"Kamwana aka mapazi otupa chonchi, n'kukatuma pa dzuwa! Kodi kalibe amake?"

Basitu. Mayi Sakala anatembenuka, basiketi ikuuluka.

"Alipo! Ndine pano! Ndine amake Imelda, ine! Iwe wa kachipewa, chotsa ndodo yako pa mwana wanga ndisanakuthyolere pamsana!"

Hector anabwerera m'mbuyo. Ndani angalimbane ndi mlamu wa manijala? Anachita kuwathandiza kumudzutsa mtsikanayo, n'kumuperekeza kutsogolo kwenikweni, pamthunzi. Imelda anayang'ana amayi ake. Mayiwo anamupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, akulira poyera osabisa, uku akumukalipira kuti waonda ngati sakudya.

"Amama," Imelda ananong'ona, "nanga chabwela n'chani?"

"Palibe, mwanawe. Sitolo iyi mwina inatsekedwa chaka chatha. Usayang'ane kumbuyo, tiye tizipita pang'onopang'ono."

Anagwirana mkono n'kuchoka. Mesenjala uja, poona kuti tsopano woyamba ndi iye, anasendera pachitseko mwaulemu wonse, ndipo mzere wonse unasuntha phazi limodzi, anthu akusangalala kuti zayamba kuyenda.

Atafika pa siteji, Imelda anafunsa mwamantha za basi ya ku Katete.

"Aikwere azakhali ako," anatero mayiwo.

Ku Kabwata anapeza wailesi ikulira, rumba ya a Kunda itakakamira pomwe paja. A Mathias anaona mwana wawo pakhomo, anadzuka, ndipo kwa nthawi yoyamba chigulireni wailesiyo anaizimitsa okha.

"Ndiye kuti Mulungu walankhula?" anafunsa.

"Walankhula. Chinangwa chili m'kamwa."

A Kunda anasuzumira pawindo. "Mwabwelako, ba Misisi Sakala?"

"Misisi Sakala ndi ndani? Dzina langa simulidziwa inu? Bweretsani mpando, mwanayu akhale pansi."