Kobidi la Mkamwa mwa a Papiya

"Chotsa dzanja pamenepo!" anakalipa Zotiko, mng'ono wake Trofimo atangokhudza bokosi la zida za bambo awo.

Malemu a Papiya anali asanaikidwe n'komwe. Anali gone kuchipinda, atasambitsidwa ndi kudzozedwa mafuta, koma kuno nkhondo inali itabuka kale. Iwo ndiwo ankazokota zidindo zosulira makobidi amkuwa a mzinda wa Laodikeya, nkhope ya Kaisara mbali iyi, mulungu wa mzinda mbali inayo. Wolandira bokosilo ndiye akanatenganso ntchitoyo, ndipo Zotiko ankadziwa kuti dzanja limene bambo ake ankalitama pagulu linali la Trofimo. Nsanje inkamudya ngati chiswe.

"Ndimangopukuta fumbi, achimwene."

"Ndipukuta ndekha. Woyamba kubadwa ndine."

"Kubadwa kokha, eya. Koma mikango mumazokota pa makobidi ija kumsika amati ndi agalu."

Zikanafika pogwirana m'makosi mayi awo, a Amiya, akanapanda kulowa.

"Maliro ali m'nyumba, inu muli pokanganirana zitsulo? Bokosi n'la Trofimo. Ananena okha bambo ako, ndipo chifukwa chake ukuchidziwa."

Zotiko anamva kuwawa mpaka m'mafupa, makamaka poti zinali zoona.

"Ndiye kobidi lolipira wowolotsa akufa pamtsinje wa kumizimu akawaike mkamwa yekha mwana wawo wapamtimayo. Asankhe lokongola mwa akewo."

"Anasankha kale eni ake."

A Amiya anamasula mfundo ya nsalu. Kobidilo linali losalala chifukwa chogwiridwagwiridwa, koma Zotiko analizindikira. Linachokera pa chidindo choyamba chimene iye anazokota, chija anakhotetsa mphuno ya Kaisara ngati chikwakwa. Akuluakulu a mzinda analamula kuti makobidi onsewo asungunulidwe, ndipo a Papiya anakaima pabwalo n'kunena kuti dzanja lolakwalo linali lawo. Kani limodzi anabisa!

"Chonyansa chimenechi?" anatero Trofimo. "Pa zonse ndinazokota ine, osatengapo ngakhale limodzi?" Bokosi anali ataliiwala.

"Bambo anu ankati wowolotsayo akaona mphunoyi aseka, n'kufunsa kuti analipanga ndani," anatero mayiwo. "Basi iwo apeza poyambira kukamba za mwana wawo mpaka tsidya."

Zotiko anatenga kobidilo n'kulowa kuchipinda. Anagwada, n'kutsegula milomo yozizirayo pang'onopang'ono, ndipo kobidilo analigoneka palilime, mphuno ya Kaisara italoza kumwamba kuti wowolotsayo asavutike kuiona.